Mpongozi pa Masitepe a ku Shawlands

Chaka chimene ine ndinakwera ndege koyamba, iwe Tadala ndi mng'ono wakoyu musanabadwe, bambo anu ndi mayi anu anali atangotha chaka chimodzi m'banja, m'nyumba yomwe ino ya ku Shawlands. Ikani kaye mafoniwo pansi, sathawa. Masiku ano inu mumakwera ndege ngati minibasi ya ku Dedza, koma nthawi imeneyo m'mudzi mwathu monse munthu amene anafikapo pafupi ndi mitambo anali wokhoma malata a tchalitchi.

Ine ndinali wokonza mijigo. Sukulu ndinalekeza sitandade faifi, koma mjigo ndinkaumva ndi khutu ngati mwana wodwala chifuwa, ndipo bungwe limene ndinkagwirako ntchito linati ndipite kumsonkhano wa zamadzi kuno ku Glasgow, ndikawaonetse anthu ophunzira mmene timasinthira labala wa mjigo popanda buku. Ndege ija inakwera, inakwera, mpaka ndinaona agogo anu aakazi akuyanika mphale pabwalo, ndinawakwezera dzanja, iwo n'kuyankha. Ukuseka chiyani? Ukawafunse.

Msonkhano unali wa masiku atatu ku Hillhead, kusukulu yaukachenjede ija, ndipo ndinamasula mjigo n'kuumanganso maprofesa akulemba, wina mpaka inki inamuthera n'kubwereka pensulo yanga. Utatha msonkhano bambo anu anati, "Ababa, za kuhotela zatha. Masiku asanu otsalawa mukhala kwathu."

Nkhani ikuyambira pamenepa. Kwathu kuja ife tinakula tikudziwa kuti mkazi wa mwana wako ndi mpongozi, ndipo mpongozi sumuyang'ana kumaso, sudya iye akuona, mukakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo chimbudzi chimodzi simulowa olo kugwe mvula yamatalala. Si chidani ayi, ndi ulemu. Tsono ndikulowa muno ndikupeza chimbudzi n'chimodzi, chili m'nyumba momwemo, chitseko chake chayang'anizana ndi khitchini, ndipo khoma lake n'lopyapyala loti nyerere ikatsokomola uku umva uko. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma sananene kuti chitseko chake chiti. Ine ndinasankha chotulukira panja.

Mayi anu, Nangozo, anakulira m'tauni ku Chilomoni kumene zotere zinayamba kale kuzilala. Ankadzuka m'mawa n'kundikonzera tiyi asanapite kuchipatala kuntchito yawo ya unamwino, ine nkhope kuzenera, "Zikomo, ndakhuta," pakuti tiyi akalowa amafuna potulukira. Ndikatero ndavala jekete la bambo anu, ulendo.

Anthu akutchalitchi mpaka lero amati a Phiri anauyenda Glasgow chifukwa chokonda zinthu zakale. Bodza limenelo. Ine ndinkatsata zimbudzi. Tsiku loyamba ndinalowa m'chinyumba chofiira chija chosungira zinthu zamakedzana, momwe muli njovu itaima chilili ndi ndege yolendewera kudenga, ndipo njovuyo itandiona inagwedeza khutu, inadziwa kuti kwabwera wakumudzi. Ndinaipatsa moni mwachangu n'kutsikira pansi kumene kunali chimene ndinadzera. Tsiku lachiwiri ndinakwera sitima yoyenda pansi pa nthaka ngati mfuko, n'kukhazikika kudikira kuti ikafike kumapeto, osadziwa kuti imangozungulira ngati galu wofuna pogona. Ndinadutsa Hillhead kanayi, mpaka bambo wina anandigwira paphewa n'kufunsa ngati ndili bwino, "You awright, pal?" ndi Chingerezi chawo chija chokhala ngati munthu akutafuna mbatata yotentha, chomwe inu mumandiyankha nachochi. Ndinaonanso munthu wachitsulo ali pakavalo, atavala chipewa chosongoka cha anthu okonza msewu. Ine ndinamuvulira changa, iye lake ayi. Ku Gorbals ndinaima pamlatho n'kuyang'ana mtsinje wonse uja, madzi oti mijigo yanga yonse ingachite nawo manyazi, koma opanda ngakhale mayi mmodzi wochapa.

Madzulo ndinkadyera kuchipinda, pang'ono pokha, mbale n'kubwerera ndiwo zili momwemo. Bambo anu ankangoti, "Ababa, kuno si kumudzi, tiyeni patebulo," ine n'kumati, "Iwe, ndevu zamera liti kuti undiphunzitse?" Chifukwa chenicheni sindinamuuze, pakuti zimenezo munthu suuza mwana wako.

Tsiku lachinayi masana ndikukwera masitepe athu omwewa, ndikumva mapazi akutsika. Ndikweza maso, Nangozo, ali mu yunifolomu, pakuti tsiku limenelo ankalowa ntchito masana. Masitepe amenewa mukuwadziwa, alibe tchire. Kumanzere khoma, kumanja chitsulo. Ine ndinatembenuka n'kulozetsa mphuno kukhoma ngati mwana wopatsidwa chilango, kuti adutse. Koma sanadutse. Ndinamva thumba likuikidwa pansi, kenako mawondo akugunda mwala wozizira uja.

"Bambo, pepani kuti ndakuimitsani panjira," anatero. "Mkuja mukupita. Tiyi wanga simumwa, ndiwo zanga zimabwerera, m'nyumba simukhalamo. Ngati simunandifune m'banja mwanu ndiuzeni ndidziwe chimodzi, kusiyana n'kuti mukanene kumudzi ine osamva."

Ndimati ndikupereka ulemu, kani mwana wa eni wakhala masiku anayi akulira kubafa, kwa eni kuno kopanda mayi ake, kopanda azakhali oti amuuze kuti madala akwathu amatero. Kuyankha ndinafuna, koma khosi linakana kutembenuka. Ndiye ndinalankhula ndi khoma.

"Khoma iwe, uwauze mayiwa kuti ndiwo zawo zaposa za kuhotela."

Nthawi yomweyo gogo wina wachizungu wa pamwambapa anatsika ndi kagalu kake, napeza munthu wagwada, wina akucheza ndi khoma. Anangoti "Sorry, hen," mmene amaitanira akazi kuno, n'kudutsa pakati pathu chammbali, ndipo kagaluko kanandinunkhiza nsapato n'kupukusa mutu.

"Uwauzenso," ndinapitiriza, "kuti kwathu munthu salowa kumene amalowa mpongozi wake. M'nyumbamu chitseko chotere n'chimodzi."

Kenako ndinamva kuseka kotulukira m'mphuno, kwa munthu amene misozi isanaume.

"Ndiye masiku onsewa mumapita kuti, bambo?"

"Ndili ndi malo anga m'tauni."

"Ine kumati mukundida, kani mukuzunza impso. Khomalo liwauze kuti ine ndine namwino, ndipo lero amwa madzi ine ndikuona."

Kwathu wamkulu akafuna kuti manyazi athe pakati pa iye ndi mpongozi, amapereka nkhuku. M'mawa mwake ndinazungulira Shawlands yense kufuna nkhuku yamoyo, ndipo m'mashopu ankandiyang'ana ngati ndikufuna kugula mkango. Ndinabwera ndi ya m'firiji, yolimba yoti ungakhomere msomali, yopanda mutu, yopanda mapazi. Ndinaigwira ndi manja awiri, zala zikuuma, n'kuitana Nangozo pabalaza, ndipo ndinawayang'ana kumaso koyamba chikwatiwire. Ndinati, "Mayi, iyi siinalire m'mawa, koma ilandireni. Kuyambira lero ndinu mwana wanga." Anagwada n'kuilandira ngati ndawapatsa ng'ombe, ndipo madzulo amenewo tinadya atatu patebulo limodzi, bambo anu akungotiyang'ana uku ndi uku, osamvetsa chimene chachitika m'nyumba mwawo momwe.

Tsono inu obadwira kuno, amene mumakumbatira aliyense ngati mtolo wa nkhuni, sindikuti ulemu wakwathu muutaye ayi, ndi wabwino, unatilera. Koma chetechete sautsa nyama. Mukamachitira munthu ulemu umene iye sakuudziwa, muzimuuza kuti uwu ndi ulemu, chifukwa kumbali yake umaoneka ngati msana basi. Ine ndinatsala tsiku limodzi kuti ndikwere ndege nditasiya mwana akuganiza kuti kwa mwamuna wake alibe kwawo. Mvetserani akamandiitana kukhitchiniko. Sanena kuti apongozi. Amati Ababa, ndipo amatero mokweza kuposa mwana amene ndinabereka ndekha.