Pulagi Yopanda Fiyuzi

— Halo?

— Halo, alamu. Ndi ine, mkazi wa mng'ono wanu.

— Aa, amake Chidole. Mwadzuka bwanji?

— Tadzuka. Kaya inu?

— Tadzuka bwino. Mwana?

— Alipo. Akazi anu ndi ana?

— Onse ali bwino. Bambo akunyumba akadali paulendo ndi lole ija?

— Akadali komweko.

— Chabwino. Tayankhulani msanga, ndili pa ntchito, ndagwira mawaya a eni.

— Mayunitsi ndi anga, musandithamangitse. Chingwe cha magetsi chija munandikokera kuchokera kunyumba yaikulu ya eni nyumba chapsa.

— Chapsa bwanji?

— Mmene zimapsera zinthu. Chasungunuka, chamata pasimenti ngati chingamu.

— Munalumikizako chiyani?

— Dulaya. Ndinali ndi kasitomala, ndimamuumitsa tsitsi.

— Basi?

— Ndi hotipuleti. Mwana asadye?

— Basi?

— Ndi ketulo. Munthu wobwera kudzakonzetsa tsitsi mungamutsuke ndi madzi ozizira?

— Zitatu pa kachingwe kamodzi. Ndiye mukundiyimbira ine ngati ndine ndinayatsa?

— Inu ndinu odziwa zamagetsi. Ndiuzeni chapsetsa n'chiyani. Mabowo a soketi ndi anayi, ine ndinagwiritsa atatu.

— Mabowo si nkhani. Tatembenuzani dulayayo. Pansi alemba mawati angati?

— Dikirani. Alemba 2000.

— Ketulo ndi chimodzimodzi. Hotipuleti 1500. Pamodzi ndi mawati 5500, ndiyo mphamvu imene zinthu zanuzo zimadya. Kukhoma kumachokera mavolti 230, amene amakankha magetsi, ndipo sasintha. Mukagawa mawati ndi mavolti mupeza maampu pafupifupi 24. Amenewo ndiwo magetsi amayenda m'chingwemo. Chingwe chanu chimatha 13.

— Ndiye otsalawo osangotsala kukhomako bwanji?

— Satsala. Chinthu chikakoka, amabwera. Waya wopyapyala, wautali ngati wanuyo, amakaniza magetsi kudutsa, timati rezisitansi, ndiye akamadzipanikiza momwemo amatentha. Maampu akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Izi n'zakusukulu, mukanapitiriza bwenzi...

— Sukulu ndinasiyira panjira, koma fungo la pulasitiki wopsa ndimalidziwa. Pitirizani, aphunzitsi. Nanga kale bwanji sichimapsa? Ndikayatsa zitatuzi zimangozima, basi.

— Imeneyo inali fiyuzi ya m'pulagi. Ndi kawaya kakang'ono, anakapanga dala kuti kaziduka maampu akapitirira 13, chingwe chisanatenthe.

— Ndiye ntchito yake ndi kupsa iyoyo kuti nyumba isapse.

— Eya. Mwayamba kumva tsopano.

— Ndamva bwino kwambiri. Pulagi ndayitsegula ndi mpeni, alamu. Mulibe fiyuzi. Muli chidutswa cha waya wokhuthala, chopindapinda.

— Halo? Mawu akudukaduka.

— Sakuduka. Anaika ndani?

— Inu mumandiyimbira tsiku ndi tsiku, zazima, zazimanso, kasitomala wakhala ndi mutu wonyowa. Mafiyuzi anandithera. Ndinaika kongoyembekezera.

— Munandiuza?

— Ndinauza mwamuna wanu. Ndinati muziyatsa chimodzichimodzi.

— Mwamuna wanga amaluka tsitsi? Amaphika? Munthu amagona mu lole, inu n'kumuuza iyeyo za ketulo yanga. Ine ndinali pomwepo, ndinakupatsani madzi osamba m'manja. Munangoti zatheka, sizizimanso. Ndinakuthokozani.

— Komabe zitatu nthawi imodzi, ngakhale mwana angadziwe kuti...

— Mwana musamutchule. Chingwecho munachidutsitsa kuti?

— M'mphepete mwa khoma.

— Kuseri kwa matiresi ake. Anali mtulo. Dulaya ikulira, ine sindikumva kanthu. Kasitomala ndiye anati, mayi, kukununkha. Ndapeza kona ya matiresi ikufuka, kaphazi kake kali pomwepo.

— Wapsa?

— Sanapse. Akanapsa sibwenzi ndikuyimba foni, ndikanabwera ndekha.

— Basi tithokoze Mulungu. Ndibwera sabata yamawa ndidzaone.

— Sabata yamawa mudzapeza ndikumanga katundu. Eni nyumba aona utsi. Adula magetsi anga, akuti mwezi ukatha ndichoke, sangasunge munthu wofuna kuwaotchera nyumba. Ndipite kuti ndi khanda? Makasitomala anga onse ndi a mumsewu muno.

— Apepeseni. Ndi munthu wabwino uja.

— Ndi wabwinodi. Si uja wakupatsani ntchito yoika mawaya m'zipinda zake zatsopano zakuseri?

— Zimenezo zikukhudzana bwanji?

— Iye akudziwa kuti wolakwa ndi ine ndekha. Za waya wa m'pulagi sakudziwa.

— Amake Chidole, ndife achibale. Zapabanja timakambirana pabanja.

— Achibale sabata yamawa? Mbali yanga ndavomera, ndinayatsa zitatu, ndipo ndiwauza choncho. Mbali yanu ili m'manja mwangamu.

— Mukufuna ndichite chiyani?

— Lero lomwe. Chingwe chokhuthala, chodutsa pamwamba, osati pamene pamagona mwana. Fiyuzi yeniyeni. Ndipo muime pamaso pa eni nyumba muwafotokozere mavolti ndi maampu anu aja mmene mwandifotokozera ine, mpaka pa waya wopindapindayo.

— Mukufuna andilande ntchito?

— Mukawauza nokha, mwina akusiyirani. Akamva kwa ine, sindikudziwa.

— Ndipatseni mpaka madzulo. Ndimalize kuno, ndipite ku shopu...

— Ndili kale pakhonde pawo. Mwana ali kumsana, pulagi ili m'manja.

— Musagogode. Ndikukwera njinga pompano.

— Ndagogoda kale. Ndiwauza kuti muli m'njira, zotsalazo mudzanena nokha. Mukachedwa ndiwapatsa mpeni atsegulenso pulagiyi okha.

— Mlamu, tamverani kaye...

— Akutsegula. Odi, bambo, pepani ndabweranso.

— Halo? Amake Chidole? Halo?