Msewu Woyendayenda wa ku Chinsapo

Mvula ya Januwale wa 2006 itasiya chithaphwi chachikulu pakati pa kamsewu kena ku Chinsapo, Gilford, mnyamata wa ku ofesi yoona za kamangidwe ka nyumba, anafika pakhomo pa mayi Rozina atanyamula chingwe ndi chitini cha penti yofiira. Aliyense kumeneko ankadziwa kuti khoma likalembedwa mtanda wofiira, chotsatira ndi chigalimoto chogumula, ndipo Gilford anali munthu woti lamulo litamuuza kuti akhale pansi, angakhale ngakhale pa mbaula yamoto.

"Odi, amayi! Ndabwera kudzalemba mtanda pa khitchini yanuyi."

"Ii! Yalakwanji khitchini?" anafunsa mayi Rozina, akupukuta manja pachitenje.

"Ili mumsewu. Lamulo likuti ndiike chingwechi pakati pa msewu, ndichikokere kumbali. Chilichonse chimene chakhudza, chimenecho ndi chogumula."

"Nanga pakati pa msewu ndi pati, achimwene?"

"Pakati pa matayala a galimoto imene yadutsa kumene."

Mayi Rozina anagwira m'chiuno. "Tamvani. Anamanga nyumbayi ndi malemu amuna anga, njerwa kuumba okha, kuwotcha okha. Nthawi imeneyo msewu unali uko, pamene pali mpanda wa abwana anu a Peterson apo. Atamanga mpanda wawowo, magalimoto anayamba kudzera kuno."

"Ndiye mukuvomera kuti nyumba yanu inasendera mumsewu?"

"Msewu ndi umene wandipeza!"

"Msewu suyenda, amayi," anatero Gilford mwaulemu. "Amayenda ndi anthu."

Akunena zimenezo panatulukira minibasi ya m'tauni. Pozemba chithaphwi chija inakhotera ku nyumba ya mayi Rozina, n'kuwathira matope m'miyendo onse awiri. Gilford sanadzipukute n'komwe. Anathamangira pamene panaponda matayala, anakhoma kamtengo, n'kukokanso chingwe.

"Sole, amayi. Chipinda chogona nachonso chalowa."

"Ha! Si inu mwangonena kuti msewu suyenda?"

"Sunayende. Nyumba yanu ndi imene ikulowerera."

"Nyumba ya njerwa zowotcha? Ili ndi miyendo?"

"Za miyendo sindinatumidwe. Ine ndimamvera chingwe."

"Koma abale inu! Chabwino, dikirani mvula ithe. Chithaphwi chikauma, msewu ubwerera kwawo."

"Ukadzabwerera tidzayezanso."

"Nyumba mutagumula kale?"

"Eee. Tidzakuuzani kuti pamene panali nyumba yanu panalibe vuto."

Mayi Rozina anagwira mutu ndi manja awiri. Ndipo poti tsoka silinunkha, nthawi yomweyo kunabwera bambo wina wogulitsa makala akukankha wilibala. Ataona matope, anakwera nayo pakhonde pa mayi Rozina, anawomba m'manja mwaulemu, n'kutsikira mbali inayo. Maso a Gilford anawala.

"Ayi! Ayi! Wilibala si galimoto!" anakuwa mayi Rozina.

"Ili ndi tayala?"

"Limodzi lokha!"

"Ndiye bwino kwambiri. Tayala likakhala limodzi, pakati sipasowa." Anakoka chingwe kuchokera pakhonde, anazungulira nacho nyumba, ndipo mawu ake anamvekera kuseri. "Amayi! Chimbudzi chalowa! Khola la nkhuku lalowa!"

"Nkhukuzo muzilembenso mtanda!"

"Ayi, lamulo likunena zomangidwa basi." Anabwerera akupumira m'mwamba. "Komanso, amayi, musaime pamenepo. Mwaima pakati pa msewu, mugundidwa."

"Pakhonde panga?"

"Panali pakhonde m'mawa."

Apa mayi Rozina anachita mantha enieni. Anayang'ana khoma limene amuna awo anapaka laimu chaka chimene anamwalira, anayang'ana chitini chofiira chija, mtima n'kuwawa. Kwina kopita analibe. Anatsitsa mawu.

"Mwana wanga, lowa m'nyumba, umwe tiyi, tikambirane ngati anthu."

"Zikomo, amayi, koma sindingamwere tiyi mumsewu. Ndi ngozi."

Anavundukula chitini ndi msomali, n'kuyamba kutakasa penti ndi kamtengo, akuimba kanyimbo ka kwaya. Mayi Rozina anayang'ana chithaphwi chija, kenako anamufunsa.

"Wati pakati pa msewu ndi pamene padutsa galimoto yomaliza?"

"Shuwa."

"Ngakhale idutse pati?"

"Ngakhale idutse padenga."

Mayi Rozina analowa m'nyumba, anatuluka ndi mphasa, mtondo ndi lichero la nyemba. Anayala mphasa m'mphepete mwa chithaphwi, mbali ya kunyumba kwawo, anaimika mtondo pafupi, anakhala pansi atatambasula miyendo, n'kuyamba kusankha nyemba.

"Amayi, mukutani?"

"Ndikusankha nyemba. Chingwe chikuletsa?"

"Za nyemba sichinena kanthu."

Kunamveka chilole cha mchenga chikubwera. Dalaivala analiza hutala kamodzi, kawiri, kachitatu motalika. Mayi Rozina anangotola kamwala m'nyemba n'kukataya. Dalaivala anatukwana, anapotoza chiwongolero, chilole n'kudzera tsidya lina la chithaphwi, chikukhula mpanda wa a Peterson.

Palibe anamutuma Gilford. Miyendo inamunyamula yokha. Anakhoma kamtengo pakati pa matayala a chilole, n'kukokera chingwe kwa mayi Rozina. Chingwe chinathera m'chithaphwi, khitchini osaikhudza. Anachikokera mbali inayo. Chinakwera mpanda, chinadutsa pa maluwa, n'kukagwera pakhonde la matailosi la abwana ake.

"Mayo ine!" Anayezanso. "Mayo ine, ntchito yanga!"

"Chakhudza chiyani, mwana wanga?"

"Mpanda... geti... khonde... Koma awa ndi abwana!"

"Chingwe chimadziwa abwana?"

"Sichidziwa," anatero Gilford misozi ili m'maso, pakuti bodza sankalitha.

Patali kunkabweranso minibasi ina. Gilford anathamangira pamphasa paja, anagwada m'matope, n'kuwomba m'manja.

"Amayi, chonde, ndapota nanu. Tadzukani pang'ono chabe, galimoto iyo idzere kwanu kuno, msewu ubwerere."

Mayi Rozina anapeta nyemba zawo, anauzira mankhusu, n'kumukankhira chitini chija ndi phazi.

"Msewu suyenda, mwana wanga. Kalembe mtanda wako penti isanaume."