Chilonda cha Pamsana pa Apongozi Anga

A wailesi, ndiwerengereniko nkhaniyi, koma dzina langa likhale. Ndine mayi wa ku Wimbe.

Apongozi anga aamuna anagundidwa ndi njinga yamoto pochokera ku chigafa cha fodya, n'kuvulala kumutu. Anagona masiku ambiri m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ali chikomokere. Anali okalamba, owonda, komanso odwala shuga. Atawasamutsira ku wodi, anamwino anatichenjeza kuti, "Pamsanapa pafiira kale. Muziwatembenuza pafupipafupi, asagonerenso zonyowa."

Kenaka tinamva kuti kumudzi akugawa makuponi a feteleza, ndipo wosapezekapo amudumpha. Amuna anga anathamangira komweko n'kundisiya ndekha. Ine mtengwa, ndivundukule thupi la apongozi? Ndinkangowamwetsa phala n'kuwafunditsa bulangete. Anamwino akafunsa ngati ndawatembenuza, ndinkangoti eya.

Tsiku lachinayi fungo linayamba. Anamwino atawavundukula, chilonda chinali chitanyeka kunsi kwa msana. Mtima wanga unathamangira kwa achimwene a apongoziwo, amene ankalimbirana nawo munda, chifukwa atabwera kudzazonda anawasisita pomwepo. Ndinawanong'oneza anamwino zimenezo. Iwo anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Mayi, nenani zoona, munkawatembenuza?"

Apongozi anachira patapita miyezi, koma alamu anga amafunsabe kuti, "Bambo anavulala kumutu, nanga chilonda cha kumsana chinachokera kuti?" Amene ndinkakayikira anzanga, lero wokayikiridwa ndine. Anzanga, manyazi akakugwirani, itanani wina amutembenuze wodwalayo. Ine mpaka pano alamu angawo salandira madzi akumwa m'manja mwanga.