Chisa cha Nsadzu

Minibasi ya ku Ntaja inkachedwa kudzaza pa siteji ya Liwonde. Mayi wina ankawerenga chapansipansi za m'kope lake, bambo wachikulire amene anakhala pambali pake atatchera khutu.

"Pepani mayi, imeneyo ndi ndakatulo?"

"Eya. Ndalemba za malemu bambo anga, anali ofula njuchi. Koma amayi ataimva anangoti, 'Ameneyu si mwamuna wanga.'"

"Tabwerezani pomaliza paja."

"'Anakokolola uchi wonse m'mphako, nabwerera kumudzi akuimba.'"

"Iyayi, iyayi! Amayi anu sananame. Inenso ndafula njuchi mpaka imvi izi. Kutchire sitiimba, timamvetsera nsadzu, kambalame kotilondolera kumene kuli njuchi. Ndipo sitikokolola. Timakasiyira chisa pamwala, china timasiyira njuchi zomwezo. Ukakamana, mawa uzungulira tchire lonse wekhawekha."

"Ndiye n'chifukwa chake chidebe chawo sichinkadzaza! Ine ndinakula ndikuchita nawo manyazi, kuyesa kuti ntchitoyo sankaitha. M'ndakatulomu ndimati ndiwadzazireko chidebecho."

"Chipunguleni, mwanangu. Mwawasandutsa munthu waumbombo. Wofula weniweni amadziwika ndi zimene wasiya."

"Ankafika manja atatupa, akununkha utsi. Zimenezo ndinazisiya dala."

"Bwezeranimo! Utsiwo ndiye munthuyo."

"Sikomo kwejinji, bambo, Mulungu akusungeni. Ndimakatsikira pa Nsanama, koma ndipitirira mpaka kwa amayi ku Ntaja. Ndikufuna ndiikonze, aimvenso lero lomwe, mwina amuzindikira mwamuna wawo."