Mmene Makalata Anga Anasutidwira pa Geti

Abale ndi alongo mwa Ambuye, inu amene mukuwerenga nokha ndi inu amene akukuwerengerani, landirani moni. Amene akulemba pano ndi munthu wa dzanja lokongola kuposa onse, kuyambira ku Luangwa kukafika kumalire a Nyasalande. Sindikudzitama. Ananena zimenezi ndi mzungu wamkulu wa sukulu ya aphunzitsi ku mishoni, ndipo anazinena tsiku lomwelo limene anandiuza kuti ndinyamule bokosi langa. Sanandichotse ayi, anangondipempha kuti ndipite kwathu ndipo ndisadzabwerenso. Mlandu wanga unali funso limodzi. Ndinafunsa m'kalasi chifukwa chimene mphunzitsi wa kumudzi amalandirira zochepa kuposa khuki wophikira mzunguyo. Yankho lake ndikulidikirabe.

Vuto limene ndikuchitira umboni ndi ulova, ndipo ndikukuchenjezani kuti ndikamalikumbukira mtima umanditenthabe.

Chaka chimenecho, nkhondo yachiwiri ya Jeremani isanayambe, ndinali nditangokwatira Estere ku Kasenengwa, ndikukhala pachikamwini. Akwawo anandilandira ndi manja awiri chifukwa anamva kuti akulandira mphunzitsi. Atandiona ndikufika ndi bokosi pamutu pakati pa chaka, manja aja anayamba kubwerera m'modzim'modzi. Mwini mbumba anali malume ake a Estere, a Mbewe, munthu wosema mipini ndi mitondo, wosakonda kuwononga mawu. Anandiitana pamene ankasema, osandiyang'ana nkomwe.

"Akamwini, mwana wathu sadya Chizungu. Mvula ikagwa musanapeze ntchito, mukwere Ulere mupite ku Halale ngati anzanu, kapena mubwerere kwanu. Pano sitiweta nsapato."

Ulere anali malole aja onyamula anthu osalipira kupita kumapulazi a ku Halale. Ndinkadziwa amuna ambiri amene anakwera, ndipo ndinkadziwa ochepa amene anabwerako. Estere anali ndi pakati. Kukwera kunali kumutaya, kubwerera kwathu kunalinso kumutaya. Mvula inali kudzandilanda mkazi.

Musandiyese waulesi. Khasu ndinkaligwira, koma wamsonkho salandira mizere. Choncho ndinatsikira ku tauni ya Fort Jameson, ndikumagona pakhonde pa mbale wanga kukomboni, ndi kuyamba kugogoda. Ku Boma mipando yonse ya akalaliki inali ndi eni ake, anthu a ku Nyasalande okhala ndi masetifiketi, amene ankandiyang'ana ngati ndabwera kudzaba inki. Kumunda wa fodya kapitawo anatembenuza manja anga, nayang'ana nsapato zanga, nati wa mishoni uyu, adzatiyambitsira milandu. Mwini sitolo wina anandifunsa ngati ndingasenze thumba la mchere, ndinati inde. Anandifunsa ngati ndimawerenga, ndinatinso inde, ndikuyesa kuti ndapambana. Anati ndipite, chifukwa munthu wowerenga amawerenganso sikelo. Ndiye onani, abale: kwa cholembera ndinali wosaphunzira, kwa thumba ndinali wophunzira mopitirira. Sukulu inandikweza mpaka pakati pa mtengo, nichotsa makwerero.

Kenako ndinamva kuti kampani ina yogula fodya ikufuna kalaliki wa pa sikelo. Munthu wakuda sankalowa mu ofesi imeneyo ngati sanaitanidwe. Kalata umapereka kwa mesenjala wa pa geti, ndipo iye ndiye amakalowa nayo. Mesenjalayo anali msilikali wakale wa chisoti chofiira, ndipo onse ankamutchula kuti a Sajeni. Ine ndinali ndi mpukutu wa mapepala opyapyala obiriwira, mphoto imene ndinalandira kusukulu chifukwa cha dzanja lija. Ndinalemba kalata ya Chingerezi yogwada, yodzitcha kapolo womvera, ndi kuipereka ndi manja awiri.

Lolemba lotsatira a Sajeni anandilandira ndi nkhope yowala.

"Mwana wanga, Bwana wakondwa kwambiri. Akuti ulembenso ina, yotalikirapo."

Ndinalemba ya masamba awiri. Sabata inayo anati Bwana akufuna ndizilemba mbali imodzi yokha ya pepala, ndipo inki isachuluke. Ndinati mumtima, azungu ndi anthu a mwambo. Lolemba lililonse ndinkabwera ndi kalata, ndi kukhala padzuwa pamodzi ndi anzanga ofuna ntchito, mpaka makalata anakwana khumi ndi anayi. Loweruka ndinkapita ku Kasenengwa kukauza Estere kuti Bwana wakondwa. Iye ankangosisita mimba yake ndi kuyang'ana kumwamba, kumene mitambo inali itayamba kusonkhana.

Lolemba lakhumi ndi chisanu kunatentha kwambiri. A Sajeni anakhala pampando wao, natulutsa fodya wa chingambwe m'kachitini, natulutsanso kapepala kobiriwira m'thumba la malaya. Anakulunga bwinobwino, nanyambita m'mphepete, nayatsa. Ndinali pafupi, ndipo ndinaona chilembo changa chachikulu, chija cha mchira wopindika chimene ndinachiphunzira miyezi itatu. Dzina langa linali kupsa kuyambira kumapeto.

"A Sajeni, pepala limenelo mwalitenga kuti?"

"Lako lomwe, mwana wanga. Ndi labwino, silikhosomoletsa. Nyuzipepala imawawa pakhosi."

"Nanga ntchito ija?"

"Ntchito anatenga mwana wa mlongo wanga kalekale, nthawi yozizira. Iye anabwera ndi nkhuku. Iwe unabwera ndi chiyani?"

Anthu onse a pa geti anaseka. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chimenecho: onse ankadziwa. Masabata khumi ndi anayi amuna akuluakulu, anjala ngati ine, ankandiona ndikupereka kalata ndi manja awiri, osandiuza kanthu, chifukwa a Sajeni ankawagawirako kusuta. Maphunziro anga onse anasutidwa ndi komboni yathunthu. Sindinawamenye a Sajeni. Ndikanakonda kunena kuti unali Mzimu umene unandigwira dzanja, koma panalinso chikoti chimene chinali pamiyendo pao.

Ndinayenda osaona njira mpaka kumtsinje wa Lunkhwakwa, dzuwa lili paliwombo. Kumeneko ndinapemphera, ngati kumeneko kunali kupemphera. Sindinagwade. Ndinaimirira ndi kutambasula dzanja langa lamanja, ndinati: Ambuye, dzanja ili munandipatsa ndinu. Ngati munalilenga kuti lizipangira msilikali wokalamba ndudu, nenani, ndisavutike. Mwandichotsa kukhasu, mwanditsekera ku ofesi, tsopano mukutumiza mvula kuti idzanditengere mkazi. Mawa ndikalembetsa Ulere, ndipo mwana wanga akadzafunsa za atate ake mudzamuyankhe ndinu. Sindinanene ameni. Sindikukuphunzitsani pemphero lotere, ndikungokuuzani kuti linamveka.

Nditatembenuka ndinapeza mayi wina ataima ndi mtsuko pamutu. Anali Anaphiri, amene ankagulitsa thobwa pa geti paja. Masabata onsewo ndinali ndisanawapatsepo moni, chifukwa munthu woyembekeza kukhala kalaliki sacheza ndi ogulitsa thobwa. Ananditsatira kuchokera pa geti.

"Aphunzitsi, mapepala aja atha?"

"Atsala awiri. Nanunso mumasuta?"

"Ndikufuna kalata. Amuna anga ali kumigodi ya ku Wanki, chaka chachisanu ndi chimodzi. Akalaliki andilembera katatu, makalata aulemu, omati tikukuganizirani. Sayankha. Ine ndikufuna nkhope ija munali nayo pa geti, muiike papepala."

Tinakhala pamwala. Chichokereni kusukulu ndinali ndisanalembepo kalata m'Chinyanja, ndiponso ndinali ndisanalembepo kalata yosagwada. Anaphiri ankanena, ine ndikunola. Tinamuuza bamboyo kuti denga linagwa, ndipo analikonza ndi amuna a eni. Tinamuuza kuti mwana wake wamkazi watha msinkhu, ndipo akamufunsa za atate ake amaloza njira ya malole. Anaphiri anati ndiwonjezere kuti mbale yake akudyetseramo galu, ndipo galuyo amagona pakhomo tsiku lililonse. Ndinalemba mbali zonse ziwiri, inki yambiri. Nditawawerengera anati, "Ndi ineyo ameneyo." Anandipatsa chipanda cha thobwa, nati Ulere ndiyambe ndauleka, mawa andipeze pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi positi.

M'mawa mwake anabwera ndi amayi awiri, ndi bokosi la sopo loti ndilemberepo. Tsiku linalo anabwera asanu. Wina ankapereka kobiri, wina mazira, wina mtedza. Patapita masabata atatu, bambo wa ku Wanki uja anayankha, natumiza ndalama ya papositi ndi lonjezo lakuti abwera, ndipo Anaphiri anayenda nayo kalatayo msika wonse ngati mbendera. Kuyambira pamenepo mzere unkafika kumsewu. Ndinazindikira kuti dziko lathu lonse linali la akazi okwiya amene analibe wowalembera, pamene ine ndinkataya mapepala kugwadira munthu amene sankadziwa kuti ndilipo.

Mvula inagwa. Ndinapita ku Kasenengwa ndi mchere, nsalu ya Estere ndi chiphaso cha msonkho, ndikuyenda ngati munthu. Ndinapeza mphasa ya Estere atayisamutsira kale kunyumba kwa amake. A Mbewe anayang'ana katunduyo, nafunsa kuti bwana wanga ndani. Ndinati ndilibe, ndimalembera anthu makalata pansi pa mtengo.

"Ntchito yopanda bwana ndi ntchito yanji? Mukalakwa adzakuchotsani ndani? Kukhala pansi pa mtengo ngakhale anyani amakhala."

Estere ndinangomuona patali, ataima pakhomo pa amake, miyendo itatupa. Ndinabwerera ku tauni mvula ikundimenya, ndipo sabata imeneyo makalata amene ndinalemba anali aukali kotero kuti mayi wina anandipempha kuti ndichepetseko, amuna ake angadzimangirire.

Lachisanu ndinakweza maso, ndipo pamzere, pakati pa amayi, panali a Mbewe, chipewa chili m'manja. Sanadumphe mzere. Anadikira mpaka nthawi yao, nakhala pansi pamaso panga, munthu amene sanandipatsepo mpando.

"Akamwini, akuti muli ndi mawu oluma."

"Ndi ntchito yopanda bwana, apongozi."

"Lembani."

Anali ndi mwana wao wamwamuna ku Bulawayo, amene anali chete zaka zinayi, ndipo pamudzi dzina lake silinkatchulidwa. Anayamba mwaukali, kumutcha galu, mtchona, wosabadwa bwino. Ine ndinkalemba mokondwa, chifukwa zimenezo ndiye ntchito yanga. Kenako analeka kutukwana. Anayang'ana kumsewu, nati, "Fafanizani zonsezo. Mumuuze kuti amake maso akufa. Abwere akadaona." Ndinatenga pepala lina. Kalata imeneyo inali ya mizere inayi, ndipo sindinapindepo mchira wa chilembo ngakhale chimodzi.

Ataimirira anavala chipewa, nalankhula akuyang'ana mtengo.

"Estere akuti mubwere Loweruka. Denga la nyumba yanu likudontha, ndipo ine sindifolera nyumba ya mwamuna wina."

Mwana wathu woyamba anabadwira m'nyumba imeneyo, ine ndili panja. Mnyamata wa ku Bulawayo anabwera nthawi yokolola, amake akadaona pang'ono. Tsopano papita zaka khumi, nkhondo inabwera ndi kupita, ndipo ndalemba makalata opita mpaka ku Burma. Ndili ndi tebulo, mpando, ana anayi, ndipo bwana ndilibebe.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lopanda ameni, nandiyankha kudzera mwa munthu amene sindinkamupatsa moni. Ndikuthokoza Anaphiri, ndi Estere amene sanandifunsepo kuti Bwana uja anakondwa bwanji. A Sajeni ndinawakhululukira monga tilamulidwa, ngakhale kuti Lolemba lililonse ndimayenera kuwakhululukiranso. Inu amene mukukhala padzuwa pa mageti a eni, musataye mtima, ndipo musaleke kupemphera ngakhale pemphero likutuluka ndi utsi. Koma mukaona mnzanu akupusitsidwa, muuzeni. Njala siikupatsani chilolezo choseka wanjala mnzanu. Ndipo mupatseni moni wogulitsa thobwa.

Mkulu wina wa mpingo anandifunsa kuti chipulumutso chachikulu chotere chinandidyera chiyani, poyesa kuti ndinena za kusala kudya. Ndinamuuza zoona. A Mbewe anachoka pansi pa mtengo paja osasiya kanthu, chifukwa mkamwini salipiritsa apongozi. Sitampa ndinagula ndine, makobiri awiri, ndi envulopu kobiri limodzi. Mkazi, mwana ndi nyumba yodontha, zonse pamodzi, makobiri atatu, ndiye tiki.