Ndinamumana Mwana Wanga Foni Nthawi ya Masamu

Moni kwa inu owerenga makalata ndi omvera nonse. Ndine bambo wa ana anayi, ndimalima fodya kum'mwera kwa Mzimba, kufupi ndi malire a Kasungu.

Sukulu zitatsekedwa chifukwa cha mliri uja, mwana wanga wamkazi anali Fomu 1. Aphunzitsi ake ankatumiza maphunziro pafoni, ndipo pakhomo pathu foni yotha kulandira zimenezo inali yanga yokha. Koma ine ndinagwidwa ndi mantha a imfa. Tsiku lonse ndinkakhala ndi foniyo kuchigafa cha fodya, kumvera maulaliki mpaka batire kutha.

Tsiku lina ananditsatira komweko. "Adada, ndapota, ndibwerekeni pang'ono chabe. Ayamba masamu aja a x ndi y."

"Iwe, dziko likutha," ndinatero. "Masamu apulumutsa ndani? Gwada tipemphere."

Mwanayo anagwada.

Sukulu zitatsegulidwa, aphunzitsi sanabwerere m'mbuyo. Masamu onse otsatira anamangidwa pa maziko amene iye analibe. Walemba mayeso a Fomu 4 kawiri. Maphunziro ena wakhoza bwino, koma masamu walephera, ndipo kusukulu ya unamwino komwe ankalakalaka kupita sangamutenge.

Sabata yatha ndinamuuza kuti ayesenso. Anayankha mofatsa kuti, "Mbwenu basi, adada, ndatopa," n'kunyamula khasu.

Malemba amafunsa ngati alipo bambo wopatsa mwana wake mwala atapempha mkate. Ine ndinkati ndikumupatsa choposa mkate. Kwa Mulungu ndalapa, koma kwa mwanayo ndalephera. Ndikangoti ndiyambe kupepesa, amandiyang'ana mwaulemu, mawu n'kundithawa.