Nyumba ya Pafupi ndi Mpope

Lines anali atachapa matewera, atatunga madzi, atakagayitsa chimanga, ndipo tsopano ankadikira basi pa Chitakale. Pambali pake amayi awiri osadziwana anakhalira mitolo yawo, wina wamtali, wina woyembekezera.

"Koma basi ya ku Muloza ibwera lero?" anatero wamtaliyo, akudzuka n'kukhalanso. "Atichotsa ku esiteti. Amunanga anangonena kuti sikelo ikubera othyola tiyi."

"Tsitsani mawu, mayi, a yufi a chipani ali apo," anatero Lines. "Anzawo sanawaikire kumbuyo?"

"Ndani? Kapitawo anangoloza kugeti, amvekere, 'Ofuna ntchito ndi awo, wotopa atuluke.' Onse zii, mitu pansi."

"Anga aima pageti miyezi inayi," anatero woyembekezerayo. "Awalemba dzulo. Ndikuwatsatira, akuti atipatsa nyumba ya pafupi ndi mpope."

"Ya chitseko chobiriwira?"

"Eya. Mukuidziwa?"

Wamtaliyo anamangitsa mfundo ya mtolo wake.

"Imadontha pakona ya kuzenera, musayale mphasa pamenepo. Ife mawu amodzi atidyera ntchito, nyumba ndi sukulu ya mwana. Nkhwani wa kuseri ndinabzala ndekha, muzithyola."